Chipepeso cha Miyendo Inayi

"Mpeni wakuthwa m'nyumba muno uli kuti?"

A Dixon anafunsa ataima pakhomo la khitchini, manja a jekete atawapinda mpaka m'zigongono. Azimayi amene ankadula kabichi anasiya n'kuyang'anana. Linali Lachisanu masana, ndipo maliro a mng'ono wawo, a Justus, anali adakali m'kati. Thupi linali kumochale kudikira mapepala oti lipite kumudzi ku Ntcheu, koma anthu anali atadzaza kale m'kanyumba ka ku Wigston, kufupi ndi Leicester ku Mangalande, monga zimakhalira kwathu: mipando yonse kunja, azimayi pansi pabalaza, azibambo kuseri kwa nyumba.

"Mpeni wa chiyani, achimwene?" anafunsa a Miriam, mlongo wawo.

"Chipepeso chafika. Bwana wa malemu wabweretsa ndiwo."

A Justus ankagwira ntchito pafamu ina yoweta agwape kupitirira Oadby, ndipo kumeneko ndi kumene mtima wawo unaima Lachitatu, ali ndi ndowa m'manja. Usiku womwewo a Dixon anatsika basi kuchokera kumene amakhala ku Hyson Green n'kudzisankha okha kukhala mwini mbumba, wapampando wa maliro, ndiponso msungi wa katundu wa malemu. Katundu woyamba kumusunga anali jekete yakuntchito imene anaipeza m'kashedi ka kuseri, ndipo anaisungira pathupi pawo. Chaka chimenecho Juni anatentha mpaka udzu wa ku Mangalande unapsa ngati wa kwathu mu Okutobala, koma a Dixon sanaivule. Ankati ingasowe.

Jeketeyo sinali yoti munthu n'kuikhumbira. Inali yobiriwira, yokalamba, yonunkha khola, ndipo kumsana inali yotanuka, moti inkalendewera ngati linunda la ng'ombe yowonda. Mayi Anganile, mkazi wa malemu, anali atailetsa kalekale kudutsa pakhomo la khitchini. Akadandaula za fungo, amuna awo ankangoyankha kuti pagona tonde padzinunkha, n'kupita kukaikoleka kushedi.

Nkhani ya chipepeso inayenda chonchi. Mzungu wina wamtali, mzimayi, wovala magambuti, anagogoda pakhomo n'kupatsa a Dixon dengu lapulasitiki lovundikira ndi thaulo. Ananena kuti ndi Charlotte, mwini famu, ndipo kam'denguko kanali ka Justus. Kenako anathamangira kugalimoto kukafuna popaka, chifukwa magalimoto a anthu olira anali atadzaza msewu wonse mpaka pakona. A Dixon atavundukula thaulo anaona makutu ndi miyendo, ndipo sanafunikire kuuzidwa zambiri. Munthu woweta akabwera pamaliro ndi chiweto, ndani sadziwa ntchito yake?

"Koma azungu kuumira," anatero akuyesa mpeni pachala. "Famu yonse ija, agwape osawerengeka, n'kutibweretsera kanthu koti msuzi wake sungakwane ngakhale azibusa okha? Komabe wapatsidwa sadandaula. Muchulukitse tomato."

A Miriam anatuluka nawo kuti akaone. Azibambo anali atazungulira dengu, ena akuti kazingidwe pomwepo, ena akuti kuzinga nyama kuseri kwa nyumba kuno n'kudziitanira apolisi. M'dengumo munali kamwana ka gwape, kamawangamawanga, kakang'ono ngati kamwana ka mbuzi kongobadwa kumene. Maso ake anali atamatana ndi manthongo achikasu. Sikankalira, kankangopuma mofulumira, nthiti zikuwerengeka.

A Miriam sanaone nthiti, sanaone maso. Anaona chimene kagwapeko kanagonera.

"Mayo ine! Si chitenje chija ichi?"

Chinalidi chomwecho, chamtambo, cha nsomba zachikasu, chimene mayi awo a Anganile anawatumizira kuchokera ku Karonga. Chinasowa kumayambiriro kwa mweziwo, tsiku limene a Miriam anabwera kudzacheza. Mayi Anganile sananene kuti alamu awo aba, chifukwa ndi munthu wopemphera. Anangowaimbira foni kuwafunsa ngati mwina chinalowa chokha m'chikwama chawo. Kuyambira pamenepo awiriwa ankalonjerana ngati anthu okumana kubanki, ndipo ngakhale pamaliropa ankalira aliyense kuyang'ana kwake.

A Miriam ananyamula dengu lonse, umboni ndi wogonerapo wake, n'kulunjika pabalaza. A Dixon anawatsatira mpeni uli m'manja, akuwauza kuti ndiwo sizilowa kwa anamfedwa zisanaphikidwe.

Pabalaza nyimbo inali pakati. Mayi Anganile anakhala pamatiresi pakona, duku kumutu, maso atatupa, azimayi achikulire atawazungulira. Mwana wawo Chifundo, mtsikana wa zaka sikisitini, anali atatsamira paphewa pawo. A Miriam anatula dengu pakati penipeni, nyimbo n'kuthera m'malere.

"Alamu, wakuba uja wapezeka," anatero. "Ali ndi miyendo inayi."

Pa nthawi yomweyo chitseko cha kumaso chinatseguka, ndipo Charlotte analowa thukuta lili kamukamu, chikwama cha mabotolo chili paphewa. Anaona azimayi ali pansi, anaona dengu, kenako anaona mpeni. Mawu amene anatulutsa pakamwa pake si oyenera pamaliro, ndipo mwamwayi azimayi a mpingo anachita ngati sanamve Chingerezi.

Zitakhazikika, mlendoyo anagwada movutikira pafupi ndi mayi Anganile, anapepesa maliro, kenako anafotokoza. Kagwapeko kanabadwa ndi maso odwala, limodzi lotuwa, onse akutuluka mafinya, ndipo mayi wake anakakana. Pafamu kotere sikasungidwa. Koma Justus anapempha kuti amusiyire. Ankakapukuta m'maso ndi thonje ndi madzi ofunda amchere, kukapaka mankhwala a dokotala wa ziweto, n'kumakamwetsa mkaka wa mbuzi m'botolo. Kanayamba kunenepa. Chimwalirireni iye, kakukana botolo kwa wina aliyense. Dokotala wanena kuti kakafika mawa m'mawa kasanamwe, adzakabaya jekeseni kuti kagone osadzukanso, kusiyana n'kufa ndi njala.

"Sikaona bwino, ndiye kankamudziwa ndi fungo," anatero Charlotte, misozi ili mbwee. "Nsalu iyi ndinaichapa dzulo kuti ndidzabweze yoyera. Ndinazindikira nditayanika kale kuti ndachapa chinthu chokhacho chimene kankachidziwa. Muli ndi chovala chake chilichonse chosachapa?"

Anthu onse anatembenukira kwa a Miriam. Iwowo ndi amene dzulo lake anachapa zovala zonse za malemu, kusita, n'kuzilongedza m'sutikesi yopita kumudzi, mpaka masokosi.

"Musandiyang'ane choncho," anatero a Miriam. "Ndikuba ndine, kuchapanso ndalakwa ndine?"

Tsono m'nyumbamo munali anamwino ndi antchito ya kea, yosamalira okalamba, okwanira kutsegula chipatala. Atangomva kuti pali wodwala, maliro anaimikidwa kaye. Wina anawiritsa madzi, wina anavala magolovesi amene anali nawo m'chikwama kuchokera kushifiti, wina anafunsa Charlotte kuti pesheti anakodza liti komaliza. Mayi wina wachikulire, amene analera ana asanu ndi awiri ku Dedza asanakwere ndege, anati zonsezo n'zachabe, mankhwala a maso a khanda ndi mkaka wa m'mawere, kungodonthezera basi. Maso onse anapita kwa Pempho, amene ankayamwitsa mwana wake pafupi ndi windo.

"Anga ayi," anatero Pempho, akukokera bulauzi pansi. "Chipepeso ndapereka kale pakhomo."

Anamwino aja anakapukuta m'maso pang'onopang'ono, kuchokera cha kumphuno kupita kunja, thonje lililonse kamodzi, mpaka zikope zinamatuka. Anakapaka mankhwala. Diso limodzi linatseguka pang'ono, lakuda, lonyowa. Linalo linali lotuwa ngati la nkhalamba ya ng'ala. Koma botolo likafika pakamwa, kagwapeko kankakukuta chibwano n'kutembenuzira mutu kumbali. Anayesa namwino wa kumatenite, anayesa wa kwa okalamba amene amadzitama kuti palibe gogo wachizungu anamukanirapo phala. Mkaka unkangotsikira m'khosi, kunja.

Mayi Anganile ankaonerera ali pamatiresi paja. Mumtima mwawo munali mkwiyo, ndipo ankachita nawo manyazi. Masabata omaliza a moyo wawo, amuna awo ankachoka kusanache n'kubwera mochedwa, osanena chifukwa. A Justus anali munthu wosayankhula. Sanawauzepo mkazi wawo mawu okoma, ngakhale pa tsiku la ukwati anangoti mwaphika bwino, chonsecho anaphika ndi ena. Lero mayi Anganile amve kwa mzungu kuti munthu yemweyo anali ndi chifundo chochuluka chonchi, ndipo anakachithera pa nyama, pachitenje chawo.

Kenako kagwapeko kanadzuka. Kanaima pamiyendo yake yonga mapesi, kanagunda khoma, kanagunda mwendo wa tebulo la TV, kanaima n'kukweza mphuno. Kanadutsa anamwino onse, kanadutsa mwini famu, n'kulunjika kwa a Dixon, amene anali chiimire pakhomo atabisa mpeni kumbuyo. Kanalowetsa mphuno m'munsi mwa jekete, kanalira kamodzi kamawu kakang'ono, n'kuyamba kuyamwa batani.

"Chotsani kanthuka!" anatero a Dixon, akubwerera m'mbuyo. Kanthuko kanawatsatira.

"Kapeza mayi ake," anatero Pempho, ndipo wina anaseka n'kudzitseka pakamwa ndi mpango.

Anawalanda mpeni n'kuwapatsa botolo. A Dixon anawerama ataumitsa thupi, n'kuloza botolo ngati akuthira mafuta m'galimoto. Kagwapeko kananunkhiza, kanakana, n'kubwerera kubatani.

Charlotte anapukusa mutu. Anati Justus sankayamba ndi botolo. Kopanda maso kamachita mantha kakaima kokha, ndiye iye ankayamba wakakhazika mtima pansi. Mzunguyo anasowa mawu oti afotokozere, choncho anaimirira kuti aonetse. Anawerama, anaponya manja kumsana ngati akuyalapo chinthu, anakokera nsonga ziwiri zosaoneka pachifuwa n'kumanga, kenako anayamba kuyenda akudzigwedeza, dzanja limodzi likusisita kumbuyo. Anati ankagwira ntchito zake zonse ali choncho, ndipo kakafuna kuyamwa ankangokakokera kutsogolo, kunsi kwa mkono.

Azimayi onse anafuula pamodzi: "Ankabereka!"

Chiseko chimene chinabuka chinamveka mpaka kuseri, azibambo n'kubwera kudzasuzumira pawindo. Anthu anaseka mpaka kugwirana, ndipo ena kuseka kwawo kunasanduka kulira osadziwa kuti kwasintha pati.

A Dixon okha ndi amene sanaseke. "Bodza limenelo," anatero. "Mng'ono wanga, Mngoni weniweni, kubereka nyama kumbuyo ngati ntchembere? Mwana wake yemwe uyu sanamuberekepo. Kwathu mwamuna amanyamula mwana paphewa, akatopa n'kubweza kwa amake."

Chifundo anadzutsa mutu. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi, ndipo anayankha motsitsa, akuyang'ana pansi. Anati adadi ankamubereka. Amayi akapita kunaiti, kuntchito ya usiku, iye n'kumalira, ankamumanga kumbuyo ndi chitenje n'kumayenda naye m'kakhonde mpaka agone. M'mawa popita naye kunazale ankavala jekete ija pamwamba kuti anthu asaone chitenje, iye mutu uli pakolala. Anachita zimenezo mpaka iye atayamba sukulu.

"Anandiuza kuti ndisauze ankolo," anamaliza ndi Chichewa chake chopotoka. "Ndi amami omwe. Akuti muwaseka."

Mayi Anganile anakumbukira zaka zija ankabwera kuchokera kunaiti ali wefuwefu, n'kupeza mwana ali m'tulo, amuna awo akumwa tiyi ngati palibe chachitika. Ankawafunsa kuti mwamugoneka bwanji, iwo n'kungoti wagona yekha. Ankauza anzawo kuti Mulungu anawapatsa mwana wofatsa pofuna kuwapepesa chifukwa cha mwamuna wouma mtima. Zinawapweteka kwambiri kuti adziwe lero, munthu ali kumochale, ndipo kunalibenso woti akamufunse kuti munandibisiranji.

Anapukuta nkhope ndi nsonga ya duku.

"Alamu," anatero kwa a Dixon, "ndipatseni jeketeyo."

"Alamu, mukudziwa mwambo. Katundu wa malemu sagawidwa maliro asanaikidwe."

"Nanga inu mwavala chiyani?"

"Ine ndikusunga."

"Chabwino, sungani. Koma kamwanaka kakufuna fungo la jeketeyo ndi msana wa munthu. Sankhani chimodzi, alamu. Berekani, kapena vulani."

A Dixon anayang'ana pawindo, pamene panali nkhope za azibambo anzawo, ena atatulutsa kale mafoni. Palibe munthu anavulapo jekete mwachangu chotero mu Leicester monse.

Mayi Anganile atagwira pansi kuti adzuke, azimayi achikulire anawakoka chitenje. Namfedwa sadzuka pamphasa, anatero, sagwira ntchito, anthu akamva kumudzi adzati chiyani?

"Adzati ndinamaliza ntchito imene amuna anga anaisiya," anayankha. "Mawa m'mawa kakabayidwa jekeseni ine ndili chikhalire pamatiresi apa, ndidzawauza chiyani tikadzakumana?"

Anaimirira, miyendo itachita dzanzi. Anatenga chitenje cha nsomba zachikasu m'dengu, anachikutumula, n'kuima nacho kanthawi. Kubereka mwana wa munthu amatha okha, koma wa miyendo inayi amafuna wothandiza. Anayang'ana uku ndi uku, maso awo n'kukaima pa a Miriam.

"Alamu, ndithandizeni," anatero. Kenako anawonjezera motsitsa, "Foni ija ndinalakwitsa. Pepani."

A Miriam anafwenthera pamphuno. "Weramani," anatero. "Wakuba weniweni watisiya tonse, tikamudandaulira kuti?"

Anakaika kumsana chopingasa, atapinda miyendo yake bwinobwino, n'kukulunga. Kagwapeko kanapalapata, kanamenya mayi Anganile m'nthiti ndi ziboda mpaka anati mayo. Chifundo anatola jekete n'kuwafunditsa onse awiri, mutu wokha wa kanyamako n'kutulukira pakolala. Fungo lija, limene analithamangitsa m'nyumba zaka zonsezi, linawakuta mayi Anganile kumaso, ndipo anapuma mozama osafuna kulitulutsa.

Anatuluka pabalaza n'kuyamba kuyenda m'kakhonde kopapatiza, kuchoka kukhomo la kumaso kukafika pamasitepe, n'kubwerera, akudzigwedeza pang'ono. Chifundo ankayenda pambuyo pawo akung'ung'udza kanyimbo kopanda mutu kamene bambo ake ankaimba akamatsuka mbale, kaja amayi ake ankati kamawawitsa mutu. Kupalapata kunachepa. Kenako kunatha. Mayi Anganile anamva kamphuno kozizira kakuwakhudza kuseri kwa khutu.

Anakhala pasitepe yoyamba, anamasula mfundo pang'ono, n'kukokera kamwanako kutsogolo kunsi kwa mkono, mmene mayi aliyense amachitira mwana akalirira bere. Charlotte anawapatsa botolo lofunda. Anthu anadzazana kukhomo la pabalaza. Kagwapeko kananunkhiza nsonga ya botolo, kanatembenuza mutu n'kuulowetsa m'jekete, kanabwereranso. Kenako kanagwira.

Phokoso la kuyamwa linamveka m'kakhonde monse, kamchira kakugwedezeka kunsi kwa chitenje. Charlotte anakhala pansi pomwepo ndi magambuti ake n'kulira mokweza kuposa wina aliyense chiyambireni maliro, moti azimayi a mpingo anayamba kumutonthoza iyeyo.

Botolo litatha, mzunguyo anapukuta misozi n'kunena kuti kwatsala ntchito imodzi. Kamwana ka gwape sikachita chimbudzi kokha, mayi wake amakanyambita kumbuyo. Justus ankagwiritsa ntchito kansalu konyowa ndi madzi ofunda.

"Imeneyo ndi ya mwini mbumba," anatero a Miriam, n'kuika kansalu m'dzanja la a Dixon, lomwe lija linagwira mpeni. A Dixon anagwada akung'ung'udza kuti sanakwerere basi zimenezi. Koma anaigwira bwino ntchitoyo, mofatsa, ndipo atamaliza anakhala chigwadire, akuyang'ana kadiso kamodzi kaja kamene kankawayang'ana.

"Justus iwe," anatero chapansipansi. Kenako anatsokomola n'kudzuka. "Ndiye ndiwo lero ndi chiyani?"

"Kabichi," anayankha azimayi a kukhitchini.

Charlotte anafunsa ngati atenge jekete ndi kagwapeko abwerere nazo kufamu. Mayi Anganile anati kagone konkuno mpaka kazolowere botolo, ndipo amuonetse mankhwala a m'maso kuti amapaka kangati. Pabalaza nyimbo inayambiranso pamene inalekera.

Mayi Anganile sanabwerere pamatiresi. Anabwezera kamwanako kumsana, anamanga mfundo, n'kukonza jekete pamapewa. Atapititsa dzanja kumbuyo kuti akasisite, anaima. Linunda lija, limene analiseka kuyambira Chifundo ali khanda, ponena kuti amuna awo sadziwa kugula zovala, silinkalendeweranso. Linali litadzaza bwinobwino, osatsala malo, osathina.

Anasisita kawiri pang'onopang'ono, n'kupitiriza kuyenda m'kakhondemo.